"Galu wanga saluma": zimene zimachitika agalu akaukirana m'paki

Makanema a ndewu za agalu m'mapaki amafanana. Agalu awiri agwirana pakati pa bwalo, fumbi lili koboo, ena akuuwa mozungulira, ndipo anthu akuluakulu awiri akulozana zala. Wina akukuwa kuti, "Bambo, gwirani galu wanuyo!" Winayo akuyankha kuti, "Galu wanga saluma mayi, akungosewera." Kanemayo akangofika pa Facebook kapena pa TikTok, oonera amagawikana pomwepo. Ena amati mtundu wa galuyo ndi woipa ndipo uletsedwe. Ena amati kulibe galu woipa, woipa ndi mwini wake. Mkangano womwewu unafika pachimake pamene boma la Britain linaletsa agalu a mtundu wa XL Bully ku England ndi Wales, kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024.

Vuto la makanema otere n'lakuti wojambula amayatsa foni phokoso litayamba kale. Zimene agaluwo amauzana ndewu isanabuke sitizionako, chikhalirecho mutu wa nkhani uli pamenepo. Galu nthawi zambiri amachenjeza asanalume, ndipo pamalo ngati paki, munthu amene angamve chenjezolo n'kuchitapo kanthu ndi mwini wake basi.

Kodi paki ya agalu n'chiyani?

Ndi malo otchingidwa ndi mpanda, kawirikawiri a khonsolo ya mzinda, kumene munthu amaloledwa kumasula galu wake pa chingwe kuti athamange ndi kusewera ndi agalu anzake. Mapakiwa anabadwa chifukwa cha moyo wa m'mizinda ikuluikulu: anthu okhala m'nyumba zosanjikizana alibe bwalo, pamene malamulo amafuna kuti galu akatuluka mumsewu akhale pa chingwe. Paki ya Ohlone mumzinda wa Berkeley ku California, imene anthu a m'deralo anaiyambitsa mu 1979, ndi imene imatchulidwa kawirikawiri kuti inali yoyamba. Lero malo otere ali ponseponse m'mizinda ya ku America, Canada, Australia ndi ku Ulaya.

Paki yomangidwa bwino imakhala ndi zipata ziwiri zotsatizana, kuti munthu atseke china asanatsegule chinzake ndipo galu asathawire kumsewu. Ambiri amagawa malo pawiri, mbali ya agalu aakulu ndi mbali ya ang'onoang'ono. Pachipata pamakhala chikwangwani cha malamulo: galu akhale wobayitsa katemera, wolusa asalowe, wamkazi amene ali pa nyengo yofuna wamwamuna asabwere, mwini atole zimene galu wake wachita. Koma chikwangwani sichigwira galu. M'mapaki ambiri mulibe mlonda, mulibe wofunsa makadi a katemera, ndipo woweruza kuti "galu wanga ndi wofatsa" ndi mwini galuyo yekha.

"Kulusa" si chinthu chimodzi

Tikamati galu ndi wolusa, timamanga m'thumba limodzi makhalidwe osiyana kwambiri. Madokotala a ziweto amene amaona za khalidwe la agalu amawalekanitsa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyananso.

Gwero lofala kwambiri ndi mantha. Galu wamantha amafuna kuti chimene chikumuopsacho chitalikire, ndipo akaona kuti kothawira kulibe, amagwiritsa ntchito mano. Ambiri mwa agalu amenewa anaphonya nyengo yofunika ali aang'ono. Akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza za agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine ndipo anatulutsa zotsatira zake mu 1965, anasonyeza kuti pakati pa masabata atatu ndi masabata 12 chibadwire, kamwana ka galu kamaphunzira kuti chachilendo n'chiti ndipo chozolowereka n'chiti. Kakapanda kukumana ndi agalu ena ndi anthu osiyanasiyana panthawiyo, kamakula kokayikira chilichonse.

Palinso galu wotetezera chake: mpira, mbale ya madzi, chakudya chili m'thumba la mwini wake, ngakhale mwini wakeyo. Pali galu amene akumva ululu. Wa nyamakazi m'chiuno kapena wa khutu lotupa sangapirire kudumphiridwa ndi kagalu kosewera, ndiye galu amene anali wofatsa zaka zonse akayamba mwadzidzidzi kuluma anzake, malo oyamba kupita ndi kwa dokotala wa ziweto.

Khalidwe lina, loopsa mwakachetechete, si ukali n'komwe ayi. Ndi chibadwa cha ulenje. Kagalu kakang'ono kakathamanga kakulira mokuwa, galu wamkulu amatha kusiya kukaona ngati mnzake n'kukaona ngati nyama yothawa. Apa sipakhala kudzuma kapena kuuwa. Amangoyang'anitsitsa, kutsitsa mutu, kuthamangitsa, kugwira ndi kupukusa. Mpanda wolekanitsa aakulu ndi ang'ono anauikira zimenezi, ndipo mwini kagalu amene amati "kanga kamakonda kusewera ndi akuluakulu" akuika moyo wake pachiswe.

Msinkhu nawo uli ndi mbali yake. Tiagalu tating'ono timasewera ndi aliyense. Koma galu akamakhwima, pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, ambiri amayamba kusankha anzawo. Eni ake amadabwa kuti galu amene ankakonda paki wayamba "kuvuta", pamene wangokula.

Galu amalankhula asanalume

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo pa nkhani ya kuluma mawuwa ndi oona. Dokotala wa ziweto wa ku Britain, Kendal Shepherd, anajambula zizindikiro za galu wosautsidwa ngati makwerero. Pansi penipeni pali zizindikiro zing'onozing'ono zimene anthu ambiri sazidziwa: kuyasamula pamene alibe tulo, kunyambita mphuno pamene palibe chakudya, kuphethiraphethira. Kenako amatembenuzira mutu kumbali, amatembenuza thupi lonse, amachokapo. Zikapitirira, makutu amagona kumbuyo, amanyonyomala, mchira amaupinda pakati pa miyendo. Pamwamba pake amauma thupi lonse n'kuyang'anitsitsa, kenako amadzuma, kenako amaluma m'malere osakhudza mnzake. Kuluma kwenikweni ndi sitepe yomaliza.

Taonani mmene zimayendera pafupi. Galu wamkazi wabulauni wangolowa, ndipo wamphongo wakuda wamulondola. Wabulauniyo watembenuza mutu, wanyambita mphuno, wapita kukaima kuseri kwa miyendo ya mwini wake. Wakudayo wamutsatira komweko, waika chibwano pamapewa pake. Wabulauni waima njo, pakamwa watseka, kupuma wasiya, diso likuoneka loyera m'mbali. Masekondi awiri kapena atatu amenewo, pamene chilichonse chili phee, ndiye chenjezo lalikulu kuposa onse. Eni ake onse awiri ali pa foni. Akamadzatukula maso, ndewu yayamba, ndipo onse adzanena kuti wabulauni waluma popanda chifukwa.

Pali cholakwika china chimene anthu a mtima wabwino amachita: kumenya kapena kukalipira galu chifukwa wadzuma. Kudzuma ndi galu kunena kuti "ndatopa nazo, ndisiyeni". Mukamulanga, mantha ake satha. Amangophunzira kuti kuchenjeza kumabweretsa ndodo, ndiye ulendo wina amadumpha sitepe imeneyo n'kuluma mosachenjeza.

Mchira nawo umanamiza anthu. Kugwedeza mchira kumangosonyeza kuti galu watekeseka, osati kuti wakondwa. Mchira woimirira m'mwamba, wouma, wogwedezeka mwachangu kunsonga kokha, ndi wa galu amene wakonzeka kulimbana. Wa galu wokondwa umakhala wofewa ndipo umagwedezeka pamodzi ndi chiuno chonse.

Masewera kapena ndewu?

Masewera a agalu ndi aphokoso, ndipo kwa munthu wosazolowera amaoneka ngati nkhondo. Mano amaoneka, kudzuma kumamveka, amagwetsana. Chosiyanitsa ndi kufewa kwa thupi ndi kusinthana. Agalu osewera amadumphadumpha mokhotakhota, wothamangitsa amasanduka wothamangitsidwa, wamphamvu amadzigwetsa dala kuti mnzake amukwere, ndipo amapumira pafupipafupi. Amachitanso kachitidwe kodziwika bwino kaja: kugwetsa miyendo yakutsogolo ndi chifuwa pansi, matako ali m'mwamba. Wasayansi Marc Bekoff analemba mu 1995 kuti agalu amakonda kuchita zimenezi asanalume kapena atangoluma mnzawo mosewera, ngati kumutsimikizira kuti palibe chidani.

Zikakhala kuti wothamangitsidwa ndi mmodzi yemweyo, mchira wapinda, akufuna pobisala pansi pa benchi, ndipo omulondola achuluka kukhala atatu kapena anayi, amenewo si masewera. Ophunzitsa agalu ali ndi njira yapafupi yoyesera: gwirani wothamangitsayo pang'ono, muone chimene winayo achite. Akabwerera kudzamuputa, anali kusangalala. Akathawira kutali kapena kwa mwini wake, anali kuzunzika.

Paki yokha imatenthetsa zinthu

Agalu awiri akakumana pa mtetete, salunjikana maso ndi maso. Amazungulirana, amanunkhizana kumbuyo, ndipo amene sakufuna amangodutsa. Paki imasokoneza ulemu wonsewu, makamaka pachipata. Taganizani mukulowa m'chipinda cha anthu osawadziwa, ndiye khamu lonse likukuthamangirani pakhomo, wina akukugwirani kumaso, wina kumsana, chitseko chatsekedwa kumbuyo kwanu. Ndi mmene galu wolowa kumene amalandiridwira, n'chifukwa chake pachipata ndi pamalo oyamba kuyang'anira.

Zimaipiraipira ngati wolowayo akadali pa chingwe pamene anzake ndi omasuka. Chingwe chimamulanda mwayi wothawa, ndipo mwini akachikoka mwamantha, galuyo amamva kuti pali choopsa. Onjezanipo mpira umodzi pakati pa agalu asanu, kapena munthu wogawa tizakudya, kapena malo opapatiza amene adzaza madzulo anthu ataweruka kuntchito. Komanso nkhawa ya galu imaunjikana. Galu amene wakwera galimoto imene saikonda, wadzidzimuka ndi njinga yamoto, kenako wauwidwa pachipata, amalowa atatsala pang'ono kuphulika. Kanthu kakang'ono kamene dzulo anakanyalanyaza, lero kamuyambitsa ndewu.

Mwini wosasamala amaoneka bwanji?

Kawirikawiri si munthu wankhanza. Ndi munthu wamba amene amaona paki ngati malo okatulirako galu kuti iye apume. Amamasula chingwe, amakhala pa benchi, maso pa foni kapena pa macheza. Wina amabwera ndi galu amene watsekeredwa m'nyumba tsiku lonse, mphamvu zili tho, n'kumumasulira pa anzake. Wina galu wake sabwera akaitanidwa, ndiye ngakhale ataona vuto alibe chochita koma kukuwa dzina kakhumi.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja amadziwa kuti galu wake amalimbana ndi anzake, n'kubwera naye dala kuti "azolowere". Maganizo ake ndi abwino, koma akugwiritsa ntchito agalu a eni ake ngati zophunzirira popanda kupempha. Ndipo sizithandiza. Galu wamantha akaponyedwa pakati pa chimene amachiopa, mantha amakula. Akaluma n'kuona kuti mnzake wathawa, waphunzira kuti mano amagwira ntchito. Kumbali inayo, kagalu kamene kalumidwa kamodzi kali kakang'ono kamatha kukula koopa agalu onse, mawa n'kudzakhala kolusa nakonso.

Ndiye pali mawu otchuka aja akuti, "Asiyeni, athana okha, akufuna adziwane wamkulu ndani." Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1940, Rudolf Schenkel anaonerera mimbulu yotsekeredwa pamalo osungira nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland, n'kuona ikulimbirana ufumu. Katswiri wa ku America, David Mech, anafalitsa ganizo la "mtsogoleri wa gulu" mu 1970. Koma Mech yemweyo, ataonerera mimbulu yakutchire kwa zaka zambiri, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, makolo ndi ana awo, ndipo kulimbirana ufumu kuja kunali khalidwe la nyama zosadziwana zimene zapanikizidwa mumpanda umodzi. Chodabwitsa n'chakuti paki ya agalu ikufanana kwambiri ndi mpanda wa ku Basel kusiyana ndi banja lakutchire. Agalu osadziwana amene mwina sadzaonananso alibe ufumu woti agawane, ndipo "kuthana okha" kumatha kuthera pa tebulo la dokotala.

Nanga mtundu wa galu?

Apa ndi pamene anthu amatsutsana kwambiri, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka.

Otsutsa zoletsa mitundu amaloza kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2022, wotsogozedwa ndi Kathleen Morrill ndi Elinor Karlsson. Anafunsa eni agalu oposa 18,000 ndipo anapima DNA ya agalu oposa 2,000. Anapeza kuti mtundu umafotokoza pafupifupi 9 peresenti yokha ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu, ndipo pa nkhani ya kupsa mtima msanga, mtundu sunkathandiza kwenikweni kulosera. Amalozanso kafukufuku wa mu 2013 wa Gary Patronek ndi anzake, amene anaunika imfa 256 za anthu olumidwa ndi agalu ku America kuyambira 2000 mpaka 2009. Pa imfa 87 mwa 100 zilizonse, panalibe munthu wamphamvu pafupi woti n'kulanditsa. Pa 76 mwa 100, agaluwo anali osungidwa kwaokha, osacheza bwino ndi anthu. Mtundu wa galu unatsimikizika pa milandu yosakwana 20 mwa 100. Kafukufukuyu anali wa anthu ophedwa, osati wa ndewu za m'paki, koma uthenga wake wa kusowa woyang'anira ukukhudza paki mwachindunji.

Ofuna malamulo a mitundu amayankha kuti funso si lakuti ndani amaluma kawirikawiri, koma lakuti akaluma chimatsala n'chiyani. Galu wa makilogalamu 5 ndi wa makilogalamu 50 akhoza kupsa mtima mofanana, koma zilonda zake sizingafanane. Amakumbutsanso kuti mitundu ina inawetedwa kalelo kuti izimenyana ndi agalu anzake, komanso kuti mayankho a kafukufuku wa 2022 anachokera kwa eni agalu, amene mwachibadwa amaikira kumbuyo ziweto zawo.

Maboma nawo agawanika. Britain inakhazikitsa lamulo la agalu oopsa mu 1991, loletsa mitundu inayi: pit bull terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Ku England ndi Wales, kuyambira pa 31 Disembala 2023, XL Bully ayenera kukhala pa chingwe ndi kuvala chotchinga pakamwa akakhala pagulu, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 kumusunga popanda chiphaso chapadera ndi mlandu. Chigawo cha Ontario ku Canada chinaletsa ma pit bull mu 2005. Koma dziko la Netherlands, limene linawaletsa mu 1993, linachotsa lamulolo mu 2008, ndipo Italy inathetsa mndandanda wake wa mitundu yoopsa mu 2009. Mzinda wa Calgary ku Canada unasankha njira ina mu 2006: kulembetsa agalu, kuphunzitsa eni ake ndi kulanga khalidwe la galu payekha.

Mlandu umagwera ndani?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma njira zikuluzikulu ndi ziwiri. M'madera ena, monga California, mwini galu amalipira chipukuta misozi galu wake akaluma munthu pamalo a anthu onse, ngakhale kukhale koyamba. M'madera ena, wodandaula ayenera kusonyeza kuti mwiniyo ankadziwa kale, kapena anayenera kudziwa, kuti galu wake ndi woopsa. Ku England ndi Wales, galu wa mtundu uliwonse akalephera kulamulirika n'kuvulaza munthu, mwini wake akhoza kukhala kundende mpaka zaka 5, ndipo munthuyo akamwalira, mpaka zaka 14.

Galu akaluma galu mnzake, nkhani imazizira. Malamulo a mayiko ambiri amaona galu ngati katundu, ndiye chimene mwini wa galu wovulazidwayo angapeze ndi ndalama za kuchipatala cha ziweto kapena mtengo wa galuyo. Mapaki ambiri amalembanso pachipata kuti wolowa akulowa mwa kufuna kwake. Ichi n'chifukwa chake mikangano yambiri imathera pa kulalatirana, wina n'kunyamula galu wake kuthawa osasiya nambala ya foni.

Ndewu ikabuka

Ndewu zambiri zimakhala phokoso lokhalokha ndipo zimatha m'masekondi ochepa popanda chilonda. Yoopsa ndi yachete, pamene wina wagwira ndipo sakusiya. Choyamba kukumbukira n'chakuti dzanja lisapite kukhosi kapena pakamwa pa agalu omenyana. Galu ali m'kati mwa ndewu amaluma chilichonse chomukhudza, ngakhale mwini wake. Yambani ndi phokoso lalikulu, madzi, kapena kulowetsa chinthu chotchinga pakati pawo, monga jekete kapena chikwama. Eni agalu ena aitane awo n'kuwamanga, chifukwa ndewu ya awiri imakoka gulu. Ophunzitsa ena amalangiza kuti anthu awiri agwire miyendo yakumbuyo ya agalu onse nthawi imodzi n'kubwerera nayo m'mbuyo, koma njirayi ili ndi ngozi zake: galu amatha kutembenuka, ndipo kukoka amene wagwira mnzake ndi mano kumang'amba chilonda.

Akalekana, galu wolumidwa apimidwe ngakhale pakhungu pakuoneka timabowo tiwiri tokha. Mano a galu amaboola pang'ono pamwamba koma amaphwanya minofu m'kati, ndipo ubweya umabisa zambiri. Ngati wolumidwa ndi munthu, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kutsuka chilonda ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri ku Asia ndi ku Africa, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Choncho kufunsa mwini galu khadi la katemera si mwano.

Si galu aliyense amafuna paki

Eni agalu ambiri amadziimba mlandu galu wawo akamakana kusewera ndi gulu, ngati kuti alephera kulera. Koma galu wamkulu amene amakonda anzake awiri kapena atatu okha, kapena amene amangofuna kuyenda ndi mwini wake akununkhiza m'mbali mwa njira, alibe vuto lililonse. Kamwana kosamaliza katemera nakonso sikoyenera kupitako, chifukwa kachilombo ka parvo, kamene kamatsegula m'mimba mwa magazi ndi kupha tiagalu, kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri.

Galu amene analumapo kale angathandizidwe, koma osati pomuponya m'gulu. Akatswiri amayamba naye patali, pamene akuona galu wina koma sanatekeseke, n'kumamupatsa chimene amakonda, kenako kumafupikitsa mtundawo pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi. Chotchinga pakamwa chokhala ngati kadengu chimamulola kupuma bwino ndi kumwa madzi, ndipo galu wophunzitsidwa kuchivala sachiona ngati chilango. Ku Sweden, mu 2012, kunayamba mchitidwe womanga kansalu kachikasu pa chingwe cha galu amene amafuna kupatsidwa mpata, kaya chifukwa cha mantha, ukalamba, kapena matenda, ndipo wafalikira kumayiko ena. Kansaluko si lamulo, ndipo kamagwira ntchito pokhapokha ngati munthu amene mwakumana nayeyo akudziwa tanthauzo lake n'kuitana galu wake.